MBAULA ITULUKE PANJA BANJA LISANAGONE

Boma la Chama lili m'cigwa ca Luangwa ndipo limadziwika ndi kutentha, koma m'miyezi ya Juni ndi Julayi usiku kumazizira ndithu. Nyumba zambiri za m'makomboni n'zamalata opanda siling'i, motero zimazizira msanga dzuwa likangolowa. Pa nyengo iyi mbaula imagwira nchito zitatu: kuphikira, kuotha ndi kutenthetsera madzi osamba. Mu 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri m'dziko muno, ngakhale mabanja okhala ndi sitovu anabwerera ku malasha. Mbaula ndi yothandiza, koma imabweretsa ngozi ziwiri zimene banja lililonse liyenera kuzidziwa.

Banja lonse likadzuka ndi mutu

Ngati anthu awiri kapena atatu ogona m'nyumba imodzi adzuka mutu uli kuwawa, ali ndi cizungulire, mseru, kusanza ndi kufooka, ambiri amathamangira kunena kuti ndi malungo kapena ndiwo zadzulo. Funso loyamba likhale ili: kodi mbaula inagona kuti? Ngati inali m'kati, thupi silikutentha, ndipo odwalawo akupezako bwino akakhala panja, vuto ndi mpweya wa malasha.

Malasha akamayaka m'cipinda cotseka amatulutsa mpweya wapoizoni wochedwa carbon monoxide. Mpweyawu suoneka, sununkha ndiponso sutsokomoletsa. Ukalowa m'mapapo umagwira magazi mwamphamvu koposa nthawi 200 kuyerekeza ndi okosijeni, mpweya wabwino umene thupi limafuna. Motero ubongo ndi mtima zimasowa mpweya ngakhale munthu akupuma. Wogona samva cizindikiro ciliconse: tulo timangopitirira, akomoka, ndipo angathe kufa kusanace. Makanda, amayi apakati, okalamba ndi odwala mtima ndiwo amagonja msanga. Munthu amene wamwa mowa naye sadzuka msanga.

Pali cikhulupiriro cakuti malasha akapsa n'kufiira, utsi n'kutha, ngozi yatha. Izi si zoona. Malasha ofiira, ngakhale okwiriridwa ndi phulusa, amapitiriza kutulutsa poizoniyu. Kuika beseni la madzi pafupi ndi mbaula sikuthandiza konse.

Cocita ndi ici. Zitseko ndi mawindo zitsegulidwe, ndipo onse atulutsidwe panja msanga. Wokomoka agonekedwe cam'mbali, ndipo asamwetsedwe kanthu. Mkaka sucotsa poizoniyu m'magazi, ndipo ungamutsamwitse. Onse amene anagona m'nyumbamo apite ku cipatala ca Chama kapena ku kiliniki yapafupi, makamaka mayi wapakati ngakhale akuoneka wamphamvu, cifukwa mwana wa m'mimba amavutika koposa mayi wake. Mankhwala ake ndi okosijeni. Ndi mpweya wamba pamapita maola anayi kapena asanu kuti theka la poizoni licoke m'magazi, koma ndi okosijeni wa kucipatala nthawiyo imatsika kufika pa ola limodzi ndi theka kapena kuceperapo.

Kufunditsa nyumba popanda ngozi

Malo a mbaula ndi panja kapena pakhonde. Ngati yalowa m'nyumba madzulo, citseko kapena windo zikhale zotsegula, ndipo itulutsidwe munthu woyamba asanagone. Mabowo a mpweya a pamwamba pa khoma asatsekedwe ndi nyuzipepala kapena nsanza. Cofunda ca usiku ndi mabulangete, juzi, masokosi ndi cipewa, ndipo pansi pa mphasa payalidwe makatoni kapena masaka cifukwa simenti imayamwa kutentha kwa thupi. Jenereta nayo imatulutsa mpweya womwewo, conco isalizidwe m'nyumba kapena pafupi ndi windo.

Madzi osamba

Ngozi yaciwiri ndi kupsa, ndipo amene amapsa kwambiri ndi ana aang'ono. Khungu la mwana n'lopyapyala. Madzi otentha madigiri 60 amamuwaula m'masekondi ocepa cabe, pamene madzi owira amafika madigiri pafupifupi 100. Ngozi zambiri zimacitika pamene mayi wathira madzi owira m'beseni n'kupita kukatunga ozizira, mwana n'kukwawira pomwepo. Lamulo lake n'losavuta: ozizira ayambe kulowa m'beseni, otentha pambuyo, kenako kuvundula ndi kuyesa ndi cigongono. Poto ali pa mbaula asasiyidwe pamene ana akusewera, ndipo mwana asatumidwe kunyamula ndowa ya madzi otentha. Munthu wodwala khunyu asakhale yekha pa moto ndipo asaphonye mankhwala ake.

Mabanja amene amatenthetsa madzi ndi elementi ya magetsi yoviika m'ndowa azule pulagi asanapise dzanja m'madzi. Elementi imene nthambo yake yasupuka, kapena imene imagwedeza munthu akakhudza ndowa, itayidwe. Kuikulunga ndi pulasitiki si kukonza. Magetsi akazima, pulagi izulidwe pomwepo, popeza angabwere pamene palibe woyang'anira. Giza imene imatulutsa madzi otentha mopitirira kapena nthunzi pa mpopi izimitsidwe, ndipo aitanidwe wodziwa za magetsi kuti aone cimene cafa.

Munthu akapsa

Malo opsawo athiridwe madzi oyera ozizira kwa mphindi 20, kwinaku thupi lonse la mwana lili lofundidwa kuti asazizidwe. Zovala zonyowa ndi zibangili zicotsedwe, kupatula nsalu imene yamatirira pakhungu. Asapakepo mankhwala otsukira mano, mazira, mafuta ophikira, mcere kapena phulusa, cifukwa zimalowetsa tizilombo pa bala. Matuza asabooledwe. Bala liphimbidwe ndi nsalu yoyera yocapa. Bala lalikulu kuposa cikhatho ca wopsayo, kapena la kumaso, m'manja, kumapazi ndi kumalo obisika, ndiponso bala lililonse la khanda, lifunika cipatala tsiku lomwelo.

M'banja lililonse pakhale munthu wamkulu mmodzi amene nchito yake usiku uliwonse ndi kuona kuti mbaula yatuluka citseko cisanatsekedwe.