Malire a mankhwala otsalira m'chakudya amachokera kuti?

Mu June 2015 mayiko a European Union analetsa nyemba zouma zochokera ku Nigeria kulowa m'misika yawo. Nyembazo sizinali zowola kapena zofumbwa. Vuto linali mankhwala otchedwa dichlorvos, amene amalonda ankathira m'matumba kuti anankafumbwe asalowemo. Lamulo la ku Ulaya limalola mamiligalamu 0.01 okha a mankhwalawa pa kilogalamu ya nyemba, koma m'matumba ena anapezamo mpaka 4.6. Chiletsocho anachiwonjezera mobwerezabwereza, ndipo msikawo unakhala wotseka kwa zaka.

Ine ntchito yanga ndi kuyeza zotsalira zoterezi m'labotale, ndipo nkhani ngati imeneyi ikamveka anthu amafuna ndiwauze ngati chakudya chopyola malire chimapha. Yankho langa siliwakhutitsa, chifukwa si inde kapena ayi. Malire amene timayezera, amene pa ntchito pathu timangoti MRL, sanaikidwe kuti alekanitse chakudya chabwino ndi poizoni. Amayankha funso lina: kodi amene analima ndi kusunga mbewuyi anatsata malangizo a mankhwalawo?

Nambalayo imabadwira m'munda. Kampani ikafuna kuti mankhwala ake aloledwe pa tomato, imalima minda yoyeserera m'malo osiyanasiyana. M'mindamo amapopera mlingo waukulu kwambiri umene lebulo ikulola, maulendo onse amene ikulola, n'kuthyola tomato pa tsiku loyambirira limene ikulola. Tomato ameneyo ndiye amapita ku labotale. Zimene zapezekamo zimasonyeza kuchuluka kwa zotsalira zimene mlimi womvera malangizo angasiye zinthu zitafika poipitsitsa, ndipo malire amaikidwa pamwamba pang'ono pa zimenezo.

Za thanzi la munthu zimayezedwa padera ndi akatswiri ena. Iwo amadyetsa nyama, makamaka makoswe, mankhwalawo pa milingo yosiyanasiyana kwa nthawi yaitali, n'kupeza mlingo waukulu umene sunaonetse vuto lililonse. Mlingowo amaugawa ndi 100, ndiko kuti kuugawa ndi khumi kawiri. Khumi woyamba ndi woti munthu si khoswe. Khumi wachiwiri ndi woti ngakhale anthufe timasiyana: pali khanda, mayi woyembekezera, nkhalamba, wodwala chiwindi. Chotsalacho ndiye mlingo umene munthu angamadye tsiku lililonse moyo wake wonse popanda vuto loonekera. Akatero amaphatikiza zakudya zonse zimene mankhwalawo amathiridwako, n'kuona ngati wodya wamba sapyola mlingowo. Akapyola, malire aja savomerezedwa, ndipo kampani iyenera kuchepetsa mlingo wopopera kapena kutalikitsa masiku odikira musanakolole.

Ndiye tomato amene wapyola malire pang'ono waphwanya lamulo ndithu, ndipo sayenera kugulitsidwa, koma nthawi zambiri sangakugonekeni m'chipatala. Nyemba zopyola kambirimbiri ngati za ku Nigeria zija ndi nkhani ina.

Nambala ya 0.01 ili ndi mbiri yakeyake, chifukwa siichokera m'munda woyeserera. Lamulo la ku Ulaya nambala 396 la 2005, limene limakhudza chakudya cha anthu ndi cha ziweto chomwe, limati mankhwala alionse amene alibe malire akeake pa mbewu inayake aziyezedwa pa 0.01. Kumeneko n'kunena kuti asapezekemo n'komwe, popeza mlingowu uli pafupi ndi pamene makina ambiri amalekezera kuyeza modalirika. Kuti muuone bwino: ndi galamu imodzi ya mankhwala yomwazidwa m'matumba 2,000 a makilogalamu 50. Pa mlingo wotere, mpope wosatsuka bwino, kapena mphepo yochokera m'munda wa mnzanu, zikhoza kugwetsa katundu wa gulu lonse la alimi.

Oika malirewa ndi ambiri, ndipo samvana nthawi zonse. Pa dziko lonse pali Codex Alimentarius, bungwe limene FAO ndi WHO anakhazikitsa mu 1963. Akatswiri a mabungwe awiriwa amaunika umboni, mayiko n'kugwirizana pa nambala. Koma Ulaya ali ndi nambala zake, America ili ndi zake kudzera ku bungwe la EPA, Japan nayenso zake. Mankhwala a chlorpyrifos, amene alimi ambiri a mu Africa amawadziwa polimbana ndi mbozi ndi chiswe, Ulaya anawaletsa mu 2020 poopa kuti amasokoneza kakulidwe ka ubongo wa ana, n'kutsitsa malire ake kufika pa 0.01. America inachotsa malire ake pa zakudya mu 2021, kumene kunali kuwaletsa pa mbewu zodyedwa, koma khoti linabweza chigamulocho mu 2023. Mankhwala omwewo, umboni womwewo, malamulo osiyana. Alimi a zitheba a ku Kenya anazionera okha mu 2013, pamene Ulaya anayamba kuyeza katundu mmodzi mwa khumi aliyense wochokera kumeneko chifukwa cha zotsalira monga dimethoate, ndipo alimi ang'onoang'ono ambiri anataya msikawo.

Pali china chatsopano. Mu 2023 Ulaya anagamula zotsitsa malire a thiamethoxam ndi clothianidin pa zakudya zolowa m'mayiko ake kuyambira mu March 2026, ndipo chifukwa chake si thanzi la wodya koma njuchi za kumene mbewuyo yalimidwa. Ine sindikana kuti wogula ali ndi ufulu wosankha chimene alowetse m'nyumba mwake, ndipo njuchi n'zofunikadi. Chimene chimandivuta n'chakuti mbewu zimene zilibe msika waukulu wa mankhwala, monga therere ndi zina zambiri za kuno, kampani sifuna kuwonongerapo ndalama za minda yoyeserera. Popanda minda imeneyo palibe nambala, ndipo popanda nambala mlimi amagwera pa 0.01, ngakhale mankhwala amene wathira atakhala osaopsa kwenikweni.

Kuno kwathu lamulo lilipo. Pesticides Act ya 2000 inakhazikitsa Pesticides Control Board, imene ili ku Bvumbwe, ndipo ndiyo imavomereza mankhwala olowa ndi kugulitsidwa m'dziko muno. Malawi Bureau of Standards imayang'anira miyezo ya zakudya. Koma kuyeza zotsalira n'kodula. Makina ake amafuna magetsi osazimazima, mpweya wapadera wa m'masilinda, ndi timabotolo ta mankhwala enieni toyerekezera, toitanitsa kunja, timene timathanso ntchito pakapita nthawi. Zotsatira zake n'zakuti mbewu zimene zimayezedwa kawirikawiri ndi zopita kunja, monga tiyi, makademiya ndi fodya, chifukwa wogula amafuna pepala asanalipire. Tomato wa pa Lizulu kapena pa Jenda amachoka kudimba n'kukafika mumphika osadutsa pa makina alionse.

Choncho chimene chimateteza wodya wa kuno si labotale yanga ayi, koma mzere umodzi wa pa lebulo: masiku odikira kuchokera pamene mwapopera kufika pokolola. Dzuwa, mvula ndi mbewu yomweyo zimaphwanya mankhwala pang'onopang'ono, ndipo masikuwo anawerengedwa potengera liwiro limenelo. Mankhwala ena amafuna tsiku limodzi kapena atatu, ena masabata awiri kapena kuposerapo. Pa chimanga cha m'munda kudikira sikuvuta. Pa tomato n'kovuta zedi, chifukwa sapsa tsiku limodzi. Mlimi amathyola kawiri kapena katatu pa sabata, kwinaku mbozi ya Tuta absoluta ikuboola zipatso zotsala. Akadikira masiku 14, tomato wakupsa aolera mumtengo. Sindimuona mlimi ameneyu ngati munthu woipa mtima. Chimene akusowa ndi munthu womuuza kuti nyengo yothyola ikafika asinthe, agule mankhwala a masiku ochepa odikira, ngakhale atakwererapo mtengo. Nanga amuuze ndani, pamene mankhwalawo anawagula opungulidwa m'kabotolo ka zakumwa, kopanda dzina, kopanda mlingo, kopanda tsiku?

Kutsuka kumathandiza, koma kuli ndi polekezera. Mankhwala okhala pakhungu, monga cypermethrin, madzi oyenda ndi kupukuta zimachotsako gawo lina, ndipo kusenda kumachotsa ochulukirapo. Mankhwala olowa m'kati mwa mbewu, monga dimethoate, ngakhale mutatsuka ndi sopo satuluka.

Nkhani imene ndimaiganizira kwambiri ndi ya chimanga cha m'nkhokwe, chifukwa apa mankhwala timathira pa chakudya chenichenicho, mwadala, kuti akhalepo miyezi yambiri. Fumbi la Actellic limene tonse timalidziwa lili ndi pirimiphos-methyl. Codex imalola mamiligalamu 7 pa kilogalamu ya mbewu zosungidwa za mtundu wa chimanga ndi tirigu, ndipo mlingo wa tsiku ndi tsiku ndi mamiligalamu 0.03 pa kilogalamu iliyonse ya thupi la munthu. Munthu wolemera makilogalamu 60 ndiye kuti malire ake ndi mamiligalamu 1.8 pa tsiku. Atadya magalamu 300 a chimanga chokhala ndi zotsalira zofika pa 7 penipeni, angalandire 2.1. Wapyola kale, koma lamulo silinaphwanyidwe.

Musataye nsima. Chimanga chothiridwa molondola chimakhala ndi zotsalira zochepera pa 7, mankhwalawo amachepa m'miyezi yosunga, ndipo kupeta, kukonola, kuviika ndi kuphika zimachotsa ambiri. Koma masamuwa akusonyeza kuti kwa anthu odya nsima kawiri pa tsiku chaka chonse, mpata wolakwitsa ndi wochepa kusiyana ndi wa munthu amene chimanga amachilawa mwa apo ndi apo. Wothira kawiri mlingo wolembedwa "kuti zigwire bwino", wothira mankhwala amadzi a thonje m'chimanga, wobwereza kuthira pa chimanga chimene wogulitsa anathira kale, onsewa akudya mpata umenewo. Ndipo wodya mgaiwa amalandira zambiri kuposa wodya ufa woyera, ngakhale pa zakudya zomanga thupi mgaiwa ndiye wopambana. Matumba otseka mpweya a PICS ndimawakonda pa chifukwa chimenechi: nankafumbwe amafa ndi kubanika, popanda chothira.

Tsono zimene kukonola kwachotsa zimapita kuti? Zimapita m'madeya. Mankhwala ambiri amamatirira pa khungu la njere, n'chifukwa chake Codex imapatsa gaga wa tirigu malire a 15 pamene njere yathunthu ili pa 7. Madeya a kuchigayo, ochokera m'matumba a mabanja ambirimbiri amene aliyense anathira mmene anadziwira, ndiwo chakudya cha nkhuku, nkhumba, nsomba za m'maiwe ndi ng'ombe za mkaka. Pirimiphos-methyl mwamwayi sakhalitsa m'thupi la chiweto, chimaiphwanya n'kuitulutsa. Koma si mankhwala onse ali choncho.

Anthu a ku Hawaii anaphunzira zimenezi mu 1982. Minda ya chinanazi ya kumeneko inkathiridwa heptachlor pofuna kupha nyerere. Masamba a chinanazi otsala akakolola ankawadula n'kudyetsa ng'ombe za mkaka pa chilumba cha Oahu. Heptachlor sasungunuka m'madzi koma m'mafuta, ndipo thupi limavutika kumuphwanya, choncho anaunjikana m'mafuta a ng'ombe n'kutulukira mumkaka. Mkaka unachotsedwa m'masitolo, ndipo mankhwalawo anapezekanso mumkaka wa m'mawere wa amayi oyamwitsa. Chinanazi chenichenicho, chimene aliyense ankachiyang'anira, sichinali gwero la vutolo. Heptachlor pano ndi woletsedwa pansi pa pangano la Stockholm la 2001, pamodzi ndi anzake monga dieldrin ndi aldrin.

N'chifukwa cha zoterezi kuti pounika mankhwala atsopano pamakhalanso kafukufuku wodyetsa ziweto. Ng'ombe za mkaka ndi nkhuku zoikira zimapatsidwa chakudya chokhala ndi mankhwalawo pafupifupi mwezi wathunthu, kenako amayeza mkaka, mazira, nyama, chiwindi, impso ndi mafuta. Kuchokera pamenepo mapesi, udzu ndi gaga zimalandira malire ake, mkaka ndi mazira nazonso ake. Malebulo ena amanenanso masiku oti padutse ziweto zisanadye zotsala za m'munda wopoperedwa, ndipo mzere umenewu ndi umene suwerengedwa kwambiri. Chifikireni ntchemberezandonda zachilendo mu nyengo ya 2016/17, chimanga cha m'munda chikupoperedwa kuposa kale, mankhwala akuthiridwa pa nsonga penipeni, ndipo mapesi aawisi a chimanga cha kudimba amadulidwa n'kupita m'khola tsiku lomwelo limene mondokwa wathyoledwa. Palinso mbewu yogula yopakidwa utoto. Utotowo ndi chenjezo lakuti ili ndi mankhwala a mlingo wokwirira m'nthaka, ndipo yotsala pobzala siyenera kupita kuchigayo kapena kwa nkhuku, ngakhale mutaitsuka kangati.

Ndalama zoyezera zitakhala zochepa, monga mmene zililimu, ine sindikanayamba ndi kuthamangitsa mayi wogulitsa tomato pamsika. Dengu lake limodzi silinena zambiri za dziko, ndipo mawa adzakhala ndi tomato wa mlimi wina. Ndikanayambira pamene zinthu za anthu ambiri zimasakanikirana: thanki ya pa malo osonkhanitsira mkaka ku Thyolo kapena ku Chiradzulu, mulu wa madeya kwa opanga chakudya cha ziweto, ndi ufa wa pa zigayo zikuluzikulu za m'tauni m'miyezi ya September ndi October, chimanga chothiridwa mankhwala chitayamba kutuluka m'matumba. Botolo limodzi la mkaka wa m'thanki limaimira makola ambirimbiri, ndipo likasonyeza vuto, kaundula wa gulu la alimiwo amakhala ali kale ndi maina a amene anabweretsa mkaka tsiku limenelo.