Kadothi kootcha komwe kamalondola malole pamalire a Mchinji

Malole ambiri onyamula katundu omwe amadutsa pamalire a Mchinji kulowera ku Chipata m'dziko la Zambia amakhala ndi kachipangizo ka GPS komwe kamadziwitsa mwini wake pomwe galimoto yafika. Mkati mwa kachipangizoka muli eriyo yooneka ngati kachidutswa ka matailosi, ndipo nthawi zambiri kukula kwake ndi masentimita awiri ndi theka mbali zonse.

Eriyoyi imapangidwa ndi ceramic, ufa wa miyala womwe amauumba ndi kuuotcha monga amachitira ndi mbiya, koma pamoto woposa madigiri 1,000.

Kukula kwa eriyo kumayenderana ndi kutalika kwa mafunde omwe ikulandira. Funde limodzi la GPS lochokera ku setilaiti limatalika masentimita 19, kotero eriyo yafulati yachitsulo chokhachokha ingafunike kukula pafupifupi theka la muyeso umenewu. Koma mafunde akalowa mu ceramic amachepetsa liwiro ndi kufupika, n'chifukwa chake eriyo nayonso imachepa. Luso lomweli limathandiza kuti tizipangizo ta Bluetooth ndi Wi-Fi tikhale tating'ono.

Vuto ndi lakuti ceramic sachedwa kusweka, komanso eriyo ikachepa kwambiri imagwira mafunde amitundu yochepa. Pofuna kuchepetsa mavutowa, akatswiri amasakaniza ufa wa ceramic ndi pulasitiki kuti apeze chinthu chopepuka, chopirira kugwedezeka kwa pamsewu, chomwenso angathe kuchisintha mphamvu poonjezera kapena kuchepetsa ufawo.

Nkhaniyi ikukhudza Malawi mwachindunji. Zina mwa zinthu zopangira ceramic wotereyu ndi titanium dioxide komanso neodymium. Ku Kasiya m'boma la Lilongwe, loyandikana ndi Mchinji, kampani ya Sovereign Metals idapeza rutile wochuluka, mwala womwe ndi titanium dioxide wachilengedwe. Ku Kangankunde m'boma la Balaka nako kuli miyala ya rare earth yokhala ndi neodymium.

Komabe mwala wokumbidwa pansi sungalowe mu eriyo usanayengedwe bwino lomwe, ndipo phindu lalikulu lagona pa kuyengako ndi kupanga zipangizo. Miyalayi ikamatuluka m'dziko muno yosayenga, Amalawi adzapitiriza kugula ndi ndalama zakunja tizipangizo tomwe mbali ina ya zopangira zake ili pansi pa minda yawo.