Makala ndi pepala polimbana ndi chibaba cha fodya

Pa 31 May chaka chilichonse mayiko amakumbukira tsiku lolimbikitsa anthu kuleka fodya, ndipo uthenga umakhala womwe uja wa khansa, chifuwa ndi matenda a mtima. Achinyamata amaumva, koma ndudu osaitaya. N'chifukwa chake alangizi ena ayamba kuwapatsa pepala ndi utoto m'malo mongowalalikira.

Pagulu lina lomwe limakumana Loweruka masana mumzinda wa Blantyre pali mnyamata woitanira minibasi amene anayamba kusuta ali kupulayimale. Salankhulalankhula. Amafika milomo ili bii, n'kukhala pakona, n'kuyala pepala la thumba la simenti pamaondo. Utoto saufuna, amajambula ndi khala la pambaula. Tsiku lina anajambula munthu wopanda nkhope ataimirira pasiteji m'bandakucha, m'chifuwa mwake muli majumbo awiri akuda odzaza utsi, dzanja lili m'thumba kufufuza ndalama ya ndudu imodzi. Mlangizi sanamufunse chifukwa chimene amasutira. Anangofunsa kuti munthuyo akudikira ndani. Apo mpamene mnyamatayo anamasuka, nafotokoza za kuzizira kwa m'mawa, njala, ndi anzake omwe amamuseka akakana kukoka nawo.

Koma kodi kujambula kungaleketse munthu fodya? Apa anthu amasiyana maganizo kwambiri. Azaumoyo ambiri amati vuto lagona pa chikonga, chomwe chimafika muubongo pamasekondi ochepa munthu akangokoka utsi. Akasiya, thupi limalusa: mutu kuwawa, kukwiya msanga, kusowa tulo, makamaka sabata yoyamba. Iwo amakhulupirira uphungu ndi mankhwala othandiza kusiya fodya, chifukwa ndi zomwe zinayesedwa mokwanira, ndipo amaopa kuti pepala lingapusitse mwana kuti wachira pomwe chikonga chikadamugwira.

Alangizi a zojambula satsutsa zimenezo. Chimene amanena n'chakuti chibaba chimabwera mwamphamvu koma sichikhalitsa, pakapita mphindi zingapo chimazirala, ndiye zala zikatanganidwa ndi khala mphindizo zimadutsa ndudu isanayatsidwe. Komanso uphungu umafuna munthu wolankhula, pomwe mnyamata wa kuno analeredwa kuti mwamuna salira. Mfundo yachiwiriyi ndi yovuta kuikana. Mnyamata wa pasiteji uja sanasiyiretu, koma zimene ananena atagwira chithunzi chake sakanazinena kuchipatala.

Pali chinanso chimene chimaoneka pazithunzi za achinyamatawa. Ena mwa iwo kwawo ndi ku Kasungu, Dowa kapena Mchinji, ndipo fizi yawo inkachokera kuokushoni. Akamajambula ndudu amaiipitsa dala, koma akafika pa munda wa bambo awo ndi fodya wopachika m'chigafa, amasankha utoto wowala n'kukongoletsa tsamba lililonse.