Kudziwa Komwe Mbewu Yachokera: Chidziwitso kwa Alimi ndi Amalonda a ku Chileka ndi Lirangwe

Pamene nyengo yobzala ikuyandikira, Unduna wa Zaulimi ukudziwitsa alimi, ogulitsa zipangizo zaulimi ndi anthu onse a m'madera a Chileka ndi Lirangwe, m'boma la Blantyre, kuti pali njira yoti wogula afufuze yekha pa foni ngati paketi ya mbewu ili yeniyeni asanaibzale. Chidziwitsochi chikufotokoza momwe njirayi imagwirira ntchito, zomwe imatsimikiza ndiponso zomwe siingathe kutsimikiza.

Chinyengo cha mbewu sichivuta kuchita. Munthu amagula chimanga wamba pa msika, nasankha maso akuluakulu, nawapaka utoto wofiira kapena wobiriwira kuti afanane ndi mbewu yothiridwa mankhwala, kenako amachiika m'mapaketi osindikizidwa motengera a kampani yodziwika. Diso lokha silingasiyanitse. Choipa kwambiri n'chakuti chimanga chotere chimamera ndithu. Mlimi amapalira, amathira feteleza wokulitsa ndi wobereketsa, amabandira, ndipo chinyengocho chimadzaonekera mu Febuluwale kapena Malichi, pamene mapesi akula mosiyana ndipo zisononkho zili zazing'ono. Nthawi imeneyo wogulitsa uja anachoka kale pa msika. Kwa alimi a ku Lirangwe ndi kumunsi kwa Chileka, komwe kumatentha ndiponso mvula simakhalitsa monga m'mapiri a Thyolo, vutoli limakula: amene analipira mbewu yocha msanga n'kupatsidwa chimanga chochedwa amaona mvula ikudula mmera usanakhwime.

Mbewu yovomerezeka imakhala ndi mbiri yolembedwa kuyambira kumunda. Mlimi wochulukitsa mbewu amalembetsa munda wake, ndipo oyendera ochokera ku Seed Services Unit, nthambi ya Unduna yomwe likulu lake lili ku Chitedze m'boma la Lilongwe, amakaona ngati mundawo watalikirana mokwanira ndi minda ina ya chimanga, komanso ngati ngayaye za m'mizere yaikazi zachotsedwa pa nthawi yake pochulukitsa chimanga cha haibulidi. Mbewuyo ikakololedwa imagawidwa m'magulu, ndipo gulu lililonse limapatsidwa nambala yakeyake, imene amalonda amaitcha nambala ya loti. Pa gulu lililonse amatapapo pang'ono kukayeza. Malinga ndi muyezo umene mayiko a SADC anagwirizana, chimanga chimavomerezedwa ngati maso osachepera 90 mwa 100 amera, ndiponso ngati magawo 99 mwa 100 ali mbewu yokhayokha yopanda zinyalala. Nambala ya loti, dzina la mtundu wa mbewu ndi tsiku loyezera zimalembedwa pa chizindikiro cha paketi.

Kwa zaka zambiri chizindikiro cha pepalachi ndicho chinali umboni wokhawo, koma chilichonse chosindikizidwa poyera wina angathe kuchisindikizanso. N'chifukwa chake Unduna, mogwirizana ndi bungwe la makampani a mbewu la Seed Trade Association of Malawi, unabweretsa khadi yokala yomatidwa pa paketi, yofanana ndi ya mayunitsi a foni. Pansi pa utoto wa khadiyo pali nambala yobisika, ndipo palibe mapaketi awiri okhala ndi nambala imodzi. Nambala zonsezo zimasungidwa mu kompyuta pamodzi ndi mbiri ya gulu la mbewu lomwe paketiyo yachokera. Wogula akakala khadi, amatumiza nambalayo mwa uthenga wa pafoni ku nambala yaifupi yolembedwa pa khadipo, ndipo yankho limamuuza ngati nambalayo ikudziwika komanso mtundu wa mbewu ndi kampani yake. Wachinyengo angathe kutengera maonekedwe a khadi, koma sangaike nambala yake mu kompyutayo. Akatola paketi yotayidwa n'kuikamo chimanga china, khadi imakhala yokala kale, ndipo wogula amaona yekha.

Nzeru imeneyi inayambira pa mankhwala a kuchipatala. M'chaka cha 2007 Bright Simons wa ku Ghana anayambitsa mPedigree pofuna kuthandiza odwala kuzindikira mankhwala achinyengo, ndipo pambuyo pake njirayi inalowa m'malonda a mbewu. Ku Kenya alimi amatumiza nambala zawo ku 1393, pansi pa bungwe loyendera mbewu la KEPHIS. Kuno kwathu masitampu a Kalondola, omwe bungwe lotolera misonkho la MRA limafuna pa ndudu ndi zakumwa zoledzeretsa, amayendera ganizo lofananalo lolondola katundu kuchokera komwe wapangidwa. Ubwino wa uthenga wa pafoni kwa mlimi wa kumudzi ndi wakuti sufuna intaneti kapena foni yamakono. Kafoni ka mabatani n'kokwanira.

Komabe chitetezo chonsechi chili pa paketi yotseka. Apa m'pamene Unduna ukupempha alimi ndi amalonda kuti amvetsetse bwino. Pa masiku a msika ku Lirangwe, ku Lunzu ndi ku Chileka, ena amatsegula paketi n'kumagulitsa mbewu pa kapu kapena m'timajumbo, ponena kuti akuthandiza amene sangakwanitse paketi yonse. Chifukwacho n'chomveka, pakuti ndalama zimavuta m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala. Koma paketi ikangotsegulidwa, nambala ya pa khadi imatsala ikunena za pepala, osati za maso a chimanga ali m'kapu. Wogulitsa angathe kuonetsa khadi yabwino tsiku lonse uku akuthiramo chimanga cha m'nkhokwe. Alimi amene ndalama zawo zaperewera ndi bwino asonkherane awiri kapena atatu, agule paketi yotseka ya makilogalamu 2 kapena 5, akale khadi onse akuona, kenako agawane kunyumba. Powerengera, ekala imodzi imafuna pafupifupi makilogalamu 10 a mbewu ya chimanga, ndipo hekitala imodzi makilogalamu 25.

Palinso chinthu china chimene khadi siinganene. Imauza wogula komwe mbewu yachokera, koma siidziwa momwe yasungidwira. Mbewu yeniyeni yomwe yakhala padzuwa pakhonde la sitolo kwa milungu ingapo, kapena yanyowa, kapena yatsala ya chaka chatha, imachepa mphamvu ngakhale nambala yake ili yolondola. Choncho wogula ayang'ane tsiku loyezera, ndipo akafika kunyumba awerenge maso 100, awabzale pa kabedi ka mchenga wonyowa ndi kumathirira. Pakatha masiku 7 awerenge amene amera. Akakhala ochepa kwambiri poyerekeza ndi 90, abwerere kwa wogulitsa mvula isanayambe, atanyamula paketi ndi lisiti.

Kwa amalonda oona mtima, njirayi ndi chitetezo chawo. Wogulitsa amene amaoda kwa kampani kapena kwa wothandizira wake wovomerezeka, nasunga malisiti ndi kulemba nambala za loti m'kaundula, angathe kusonyeza komwe paketi iliyonse inachokera pakabuka dandaulo. Amene amaoda kwa munthu wongofika pa galimoto ndi mtengo wotsika modabwitsa amasenza yekha mlandu wonse. Lamulo la Mbewu la 2022, lomwe linatsatira Ndondomeko ya Mbewu ya 2018, limafuna kuti ogulitsa mbewu akhale olembetsedwa, ndipo kugulitsa mbewu yachinyengo ndi mlandu. Amalonda akulimbikitsidwa kulola ogula kukala khadi m'sitolo momwemo akangolipira.

Mlimi amene walandira yankho lakuti nambala siikudziwika, kapena wapeza khadi yokala kale, asabzale mbewuyo ndipo asataye paketi. Akanene kwa mlangizi wa zaulimi wa m'dera lake, ku ofesi ya zaulimi ya Lirangwe kapena ya boma la Blantyre, kapenanso ku polisi yapafupi, atatenga paketi, khadi, lisiti ndi foni yomwe ili ndi uthengawo. Madandaulo okhudza malonda achinyengo amalandiridwanso ndi bungwe la Competition and Fair Trading Commission.