Chiperoni ku Milange: Chisanu Chimene Timachipeputsa

Chimanga chikalowa m'nkhokwe, m'minda nkutsala mapesi ndi nandolo yekha, miyezi ya Juni ndi Julaye itafika, anthu a m'boma la Milange, m'chigawo cha Zambezia ku Mozambique, pamodzi ndi abale awo a kutsidya kwa malire ku Muloza ndi ku Mulanje, amadziwa kuti yayandikira nthawi imene dzuwa limabisala masiku angapo otsatana, nkhungu nkutsika kuphimba phiri la Tumbine kufikira m'tsinde mwake, ndi mvula yamawawa, yosamveka padenga koma yonyowetsa munthu kufikira pakhungu, nkumagwa usana ndi usiku. Imeneyi ndiyo chiperoni, ndipo dzina lake idatenga ku phiri la Chiperone, la m'boma lomweli la Milange, lotalika mamita oposa 2,000, pakuti anthu okhala m'mapiri a kummwera kwa Malawi ankaona mitambo yake ikudzera mbali ya phirilo.

Magwero ake ali kutali, kunyanja yaikulu ya India. M'miyezi imeneyi dzuwa limakhala litapendekera kumpoto, usana nkufupika, ndipo mpweya wozizira ndi wolemera umaunjikana pamwamba pa nyanja, kummwera chakummawa kwa Africa, kumene umakankha mphepo yodzala chinyezi kuti ilowe kumtunda. Mphepoyo imadutsa zigwa za Zambezia popanda choitchinga, kufikira itakumana ndi Chiperone, Tumbine ndi chiphiri cha Mulanje. Apo imakakamizika kukwera, ndipo popeza mpweya umazizira pafupifupi madigiri 6 pa mamita 1,000 aliwonse okwera, chinyezi chija chimasanduka nkhungu ndi mawawa. Mitambo ikachoka, thambo nkuyera, chisanu sichinathe ayi: usiku wa nyenyezi ndiwo wozizira koposa, chifukwa kutentha kumene nthaka idalandira masana kumathawira kumwamba popanda mtambo woubweza.

Tisaiwale kuyamika chiperoni. Tiyi wa ku Mulanje, amene Henry Brown adayamba kubzala m'chaka cha 1891, amapirira chilimwe chifukwa cha chinyezi chomwechi. Nandolo wa ku Milange, amene mabanja ambiri amapezera ndalama, amachita maluwa ndi kukhwima m'nyengo yomweyi. Ndipo mitsinje yotsika m'mapiri, Ruo ndi inzake, siiphwa. Koma walira mvula walira matope, ndipo matope a chiperoni amagwera matupi a anthu.

Kumaiko a kumpoto, monga Norway ndi Canada, kumene chipale chofewa chimakwirira midzi miyezi yambiri, anthu amachiopa chisanu, ndipo nyumba zawo, zovala zawo ndi maphunziro a ana awo zimakonzedwa molingana nacho. Ife kuno, popeza madzi saundana m'mitsuko yathu, timati kuzizira nkwa masiku ochepa, tipirira. Apa mpamene pagona vuto, pakuti thupi la munthu lingathe kuzizira moopsa ngakhale kunja kuli madigiri 10, malinga munthuyo wanyowa, mphepo ikumuomba, ndipo m'mimba mulibe kanthu. Madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira kuposa mpweya nthawi zoposa 20. Chotero malaya a thonje onyowa, amene mwini wake amayesa kuti akumuteteza, ndiwo akumubera moyo pang'onopang'ono. Taganizirani anyamata a kabaza ndi a njinga zamoto amene amalawira mbandakucha kunyamula anthu ndi matumba a chimanga pakati pa Milange ndi Muloza, amayi othyola tiyi amene amalowa m'mizere yodzala mame kufikira m'chiuno, ana a sukulu oyenda opanda nsapato, ndi alonda ogona pakhonde la sitolo: onsewa ntchito siiwalola kubisala.

Thupi lamoyo limasunga kutentha kwa madigiri 37, ndipo kukatsika kupyola 35 munthu walowa m'ngozi. Poyamba amanjenjemera kolimba, manja nkuuma kotero kuti alephera kumanga chingwe. Kenaka lilime limalemera, mapazi nkumadzandira, nzeru nkusokonekera, ndipo kunjenjemera kukaleka munthu asanafundidwe, chimenecho nchizindikiro choipa koposa. Pamwamba pa Mulanje, pamene nsonga ya Sapitwa ifika mamita 3,002 ndipo udzu umayera ndi chisanu m'mawa, zimenezi zidachitika poyera m'mwezi wa Julaye 2009, pamene Gabriel Buchmann, mnyamata wophunzira wa ku Brazil, adasokera ali yekha nyengo itaipa, ndipo mtembo wake udapezeka patapita masabata oposa awiri. Koma ine mtima wanga uli pa anthu amene nkhani zawo sizilembedwa, monga bambo wopezeka m'mawa m'mphepete mwa njira, anthu nkumulambalala namati waledzera. Mwina adamwadi, ndipo kachasu ndiye adamupereka kwa chisanu, pakuti mowa umatsegula mitsempha ya pakhungu, munthu nkumva kufunda pamene kutentha kwa m'kati kukutayikira kunja. Wotere mumlowetse m'nyumba, mumvule zonyowa, mumfunditse thupi lonse ndi mutu womwe. Ngati ali maso ndipo akutha kumeza, mumpatse tiyi kapena phala lotentha la shuga. Musamtikite miyendo kapena kumuyandikiza pamoto wa malawi, ndipo mufulumire naye kuchipatala.

Tsono ngozi yaikulu kuposa ya panja ili m'nyumba, ndipo timailowetsa tokha ndi manja athu. Usiku ukazizira, mbaula ya makala imene aphikira nsima imatengedwa kulowa nayo kuchipinda, chitseko nkutsekedwa, mazenera nkutsekedwa, ngakhale mipata ya pansi pa chitseko nkutsekedwa ndi nsanza. Makala oyaka m'malo opanda mpweya wokwanira amatulutsa mpweya wapoizoni wotchedwa carbon monoxide, umene suoneka, sununkha, ndipo sutsokomoletsa. Makolo adanena kuti tsoka silinunkha, ndipo pano mawuwo akwanira ndendende. Mpweyawu ukalowa m'mapapo umagwirana ndi magazi mwamphamvu kuposa okosijeni nthawi zoposa 200, kotero kuti magazi amayendabe m'thupi koma osanyamula chimene ubongo ndi mtima zikufuna. Munthu amene ali maso amamva mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka. Amene ali m'tulo samva kanthu, sadzukanso. Ndipo zikachitika kuti banja lonse lapezeka lili gone m'nyumba yotseka, pamudzi pamabuka manong'onong'o a ufiti ndi a chakudya chothiridwa mankhwala, nkhalamba yosalakwa nkulozedwa chala, pamene wakupha ali pomwepo pakati pa chipinda, atasanduka phulusa. Makala ofiira opanda utsi, amene ambiri amayesa kuti apsa bwino ndipo alibe vuto, amaphanso chimodzimodzi. Anthu a m'nyumba imodzi akadwala mutu nthawi imodzi pali mbaula, tsegulani zitseko, muwatulutsire panja onse, ndipo mupite nawo kuchipatala ngakhale aoneke ngati atsitsimuka.

Utsi wa nkhuni nawonso umalimira chibayo munda. Tiyenera kunena momveka kuti chibayo sichibwera ndi mphepo yokha: chimayamba ndi tizilombo, mabakiteriya ndi mavairasi, timene timafala msanga anthu akathithikana m'nyumba yotseka, ndipo timapeza njira yosavuta m'mapapo a mwana amene utsi wawatupitsa kale ali kumbuyo kwa mayi wake kukhitchini. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidawerengera kuti m'chaka cha 2019 chibayo chidapha ana osafika zaka 5 oposa 700,000. Katemera wake alipo, ndipo adayamba kuperekedwa ku Malawi mu 2011 ndi ku Mozambique mu 2013. Koma katemera satseka makomo onse, chotero diso la kholo likufunikabe. Mwana akamatsokomola, mvuleni malaya ali phee, muwerenge kapumidwe kake kwa mphindi imodzi: wa miyezi 2 kufikira 11 akapuma ka 50 kapena kuposa, ndi wa chaka chimodzi kufikira zaka 5 akapuma ka 40 kapena kuposa, ameneyo ayenera kuonedwa ndi achipatala tsiku lomwelo. Pansi pa nthiti pakamalowa m'kati popuma, mwana akakana bere, akakomoka kapena akalefuka osadzutsika, musadikire kuche, ndipo musataye nthawi ndi kutema mphini pachifuwa.

Wofooka koposa onse ndi khanda la m'chikuta. Limabadwa lonyowa, mutu wake ndi waukulu poyerekeza ndi thupi, mafuta a pansi pa khungu ndi ochepa, ndipo silitha kunjenjemera kuti lidzifunditse monga achitira wamkulu. Kutentha kwake kuyenera kukhala pakati pa madigiri 36.5 ndi 37.5. Nchifukwa chake anamwino amalangiza kuti mwana apukutidwe msangamsanga, avekedwe chipewa, ayamwe mu ola loyamba, ndipo asasambitsidwe kufikira patapita maola 24. Ndipo ndikupempha agogo ndi apongozi, amene mawu awo amalemera m'chikuta kuposa a wina aliyense, kuti pa ichi agwirizane ndi achipatala. Kwa mwana wobadwa masiku asanakwane kapena wochepa sikelo, njira ya kangaru, imene Dr. Edgar Rey Sanabria adaiyambitsa ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978 makina ofunditsira ana atachepa, ndiyo yapulumutsa ambiri: mwana amagonekedwa pachifuwa cha mayi, khungu kukhudza khungu, nkumangidwa ndi chitenje usana ndi usiku. Mayi akatopa, bambo angathe kulandira, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo.

Za moto wa pabwalo ndinene mwachidule. Ana okwawa ndi anthu odwala khunyu ndiwo amapsa kawirikawiri m'nyengo ino, chotero asasiyidwe okha pootha. Wina akapsa, thirani madzi oyera ozizira pabalapo kwa mphindi 20 mukufunditsa thupi lotsalalo, osapakapo dzira, mafuta, mankhwala otsukira mano kapena ndowe.

Inu mafumu, abusa, mashehe ndi aphunzitsi a mbali zonse ziwiri za malire, amene anthu amakumverani Lachisanu, Lamulungu ndi pabwalo la milandu, lankhulani zimenezi Juni asanafike, pamene nandolo asanachite maluwa. Ndipo inu eni nyumba, ndalama ya chimanga ikalowa, bulangete ndi chipewa cha mwana zikhale m'gulu la zoyamba kugula. Usiku uno, musanatseke chitseko, tulutsani mbaula panja.