MAKINA OMWE AMAONA MADZI OBISALA M'MAFUTA

Nyengo ya kukolola ikafika m'dera la Mfumu Zingalume, m'boma la Chadiza, nchito ya injini imacuruka. Zigayo zimalira kuyambira m'mawa kufikira madzulo, galimoto zimatuta cimanga, soya ndi nshawa kupita nazo ku misika, ndipo njinga zamoto zimanyamula anthu ndi katundu m'njira za kumidzi. Zonsezi zimadalira dizilo ndi petulo. Popeza malo obvomerezeka ogulitsira mafuta ali kutali ndi midzi yambiri, anthu amasunga mafuta m'migolo ndi m'zigubu, ndipo ena amagula a m'mabotolo m'mbali mwa mseu.

Bvuto lake ndi lakuti diso la munthu silingathe kudziwa ngati mafutawo ndi eni-eni. Akuluakulu anati cikomekome ca nkhuyu m'kati muli nyerere. Dizilo angaoneke bwino m'cigubu pamene pansi pake pabisala madzi, kapena atasakanizidwa ndi parafini. Madzi amacititsa dzimbiri m'pampu ya injini ndi kuononga timabowo topopera mafuta. Parafini ndi wosaterera ngati dizilo, cotero zitsulo za m'pampu zimakhulana ndi kutha msanga. Mwini cigayo akaonongekeredwa pampu pa nthawi ya zokolola amataya ndalama kawiri: kulipira amakanika, ndi kutaya anthu odzagayitsa omwe amapita kwina.

Si nthawi zonse pamene madzi amalowa m'mafuta cifukwa ca cinyengo. Dizilo wambiri wa dziko lino amayenda ulendo wautali. Paipi ya TAZAMA, yotalika makilomita 1,710 kucokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, inayamba nchito m'caka ca 1968. Kwa zaka zambiri inali kubweretsa mafuta osakanizika omwe anali kuyengedwa ku Indeni, koma kuyambira mu 2023 inayamba kunyamula dizilo woyenga kale. Kucoka apo mafuta amalowa m'matanki, m'galimoto, m'migolo, kufikira m'cigubu ca mlimi. Mgolo wosatsekedwa bwino umalowa mvula, ndipo mgolo wosadzaza umagwira mame m'kati usiku kukazizira.

Nanga makina amadziwa bwanji cinthu cimene diso lalephera? Alimi a ku Zingalume analiona kale yankho lake pa misika ya bungwe la Food Reserve Agency. Asanagule cimanga, akalaliki amatapako pang'ono ndi kuthira m'kabokosi kopimira cinyezi, pakuti bungweli limafuna cimanga comwe cinyezi cake sicipitirira magawo 12.5 pa 100. Kabokosiko sikaumitsa cimanga, ndipo sikacifinya kuti madzi atuluke. M'tumakina tambiri totere muli zitsulo ziwiri zopenyana, ndipo batire limatumiza mphamvu yocepa ya magetsi pakati pa zitsulozo. Cinthu ciriconse coikidwa pakatipo cimasintha kucuruka kwa magetsi omwe zitsulozo zingasunge. Akatswiri anapatsa cinthu ciriconse nambala yake pa khalidwe limeneli. Mpweya uli ndi 1, dizilo ali ndi 2 kapena kupitirirako pang'ono, koma madzi ali pafupi ndi 80. Kusiyana kwakukuru kotereku ndiko kumacititsa kuti madzi ocepa cabe asabisike, kaya ali m'njere ya cimanga kapena m'mafuta.

Nzeru yomweyi ndiyo imagwira nchito m'makampani a mafuta. Kacipangizo koikidwa m'paipi kamapima mafuta akamadutsa ndi kuonetsa kuti pa magawo 100 alionse, angati ndi madzi. M'galimoto zambiri za dizilo mulinso kacipangizo kapafupi pansi pa sefa ya mafuta. Mtundu wina uli ndi timisomali tiwiri. Dizilo salola magetsi kudutsa, koma madzi a masiku onse amalola. Tsono madzi akaunjikana ndi kukhudza timisomali tonse tiwiri, magetsi amadutsa ndipo kanyale kamayaka patsogolo pa woyendetsa. Mtundu wina uli ndi kacinthu ka maginito komwe kamamira m'dizilo koma kamayandama pa madzi. Kanyaleko kakayaka, woyendetsa wanzeru amaima ndi kukhetsa madziwo.

Palinso makina opima kucuruka kwa madzi oyenda m'paipi pogwiritsa nchito maginito. Ciyambi cake ndi Michael Faraday wa ku England, amene mu 1831 anapeza kuti cinthu colola magetsi cikamayenda kudutsa mphamvu ya maginito, m'cinthuco mumabadwa magetsi. Mu 1832 iye anatsitsa mawaya mu mtsinje wa Thames pa mlatho wa Waterloo mu mzinda wa London, kuti apime kuyenda kwa madzi ndi maginito a dziko lapansi, koma zida zake sizinamupatse yankho lodalirika. Makina eni-eni anayamba kugulitsidwa m'zaka za m'ma 1950. Madzi akathamanga kwambiri, magetsi obadwawo amakulanso, ndipo mita imawerenga. Popeza m'paipimo mulibe gudumu kapena citsulo cozungulira, madzi a matope ndi a miyala yoperedwa ya ku migodi amadutsa osatseka kanthu. Koma mita yotere singapime dizilo kapena petulo, pakuti mafuta salola magetsi.

Makina alinso ndi malire ake. Nambala ya parafini ndi ya dizilo zimayandikana kwambiri, cotero kacipangizo kozindikira madzi kangathe kukhala cete ngakhale dizilo atathiridwa parafini. Ici ndi cimodzi mwa zifukwa zimene bungwe la boma loyang'anira za mafuta ndi magetsi, la Energy Regulation Board, linayambitsira nchito yoika cizindikiro m'mafuta mu 2018. Mankhwala ocepa kwambiri, osaoneka ndi maso, amathiridwa m'mafuta obvomerezeka asanatumizidwe kokagulitsa. Oyendera akatapa mafuta pa malo ogulitsira, makina awo amaonetsa mlingo wa cizindikiroco. Cikapezeka cocepa, ndiye kuti mafutawo anasakanizidwa ndi ena, kapena analowa m'dziko mozembetsa. Nkhani iyi ikhudza kwambiri maboma a m'malire monga Chadiza, lomwe lacita malire ndi dziko la Mozambique.

Mlimi wa kumudzi sangagule makina oterewa, komabe pali zimene angacite yekha. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, pamene lita ya dizilo imalemera pafupi-fupi magalamu 830. Cotero akathira mafuta m'botolo loyera loonekera m'kati ndi kuliika pansi kwa kanthawi, madzi amatsikira pansi ndi kupanga mzere woonekeratu. Dizilo wooneka ngati mtambo kapena mkaka ali ndi madzi omwe sanadekhe, ndipo sayenera kuthiridwa m'injini. Mgolo ukhale pa mthunzi, wotsekedwa zolimba, ndipo popopa mafuta paipi isafike pansi peni-peni pomwe pamadekha madzi ndi litsiro. Sefa ya cigayo ikhetsedwe kawiri-kawiri ndi kusinthidwa pa nthawi yake.

Parafini ndiye sangaoneke m'botolo, pakuti amasungunukirana ndi dizilo kotheratu. Pamenepa citetezo ca wogula ndico kugula pa malo okhala ndi laisensi, kupempha lisiti ndi kulisunga. Injini ikaonongeka, lisitilo ndilo umboni umene angapite nawo kukadandaula ku Energy Regulation Board. Eni zigayo a m'dera limodzi angathenso kusonkha ndalama ndi kugula mafuta awo pamodzi pa malo odziwika, kuti mtengo wa ulendo ucepe. Mafuta ochipa modabwitsa ayenera kukayikiridwa, cifukwa ndalama yopulumutsidwa pa cigubu cimodzi singafike pa mtengo wa pampu yatsopano.