Chigayo chikafa amakonza ndani? Kukambirana za ntchito zamanja m'kalasi

Chigayo cha m'mudzi chikafa, amayi amasenza chimanga mtunda wautali. Mjigo ukawonongeka, anthu amabwerera ku zitsime za kudambo. Pampu yothirira kachewere ikakana kulira pakati pa chilimwe, mlimi wa ku Angónia amathamangira ku Ulónguè, mwinanso kuwoloka malire pa Calómuè kukafuna makaniko ku Dedza. Ndalama yolipira mmisiriyo imachoka m'mudzi, chonsecho achinyamata omwe anamaliza sukulu ali pomwepo, akusowa chochita.

Lamulo la maphunziro nambala 18/2018 limati mwana aliyense m'Mozambique aphunzire kuyambira kalasi 1 mpaka kalasi 9. Kuchokera pamenepo njira zilipo ziwiri: kupitiriza sekondale mpaka kalasi 12, kapena kulowa maphunziro a ntchito zamanja. Ana ambiri a kumudzi amangodziwa njira yoyambayo, chifukwa anthu apantchito omwe amawaona tsiku ndi tsiku ndi aphunzitsi, anamwino ndi apolisi. Nthawi ya reunião de turma, pomwe director de turma amakhala pansi ndi ophunzira ake, ndi mpata wabwino wowaonetsa njira yachiwiri.

Mphunzitsi asayambe ndi funso lakuti "ukufuna kudzakhala ndani?" Pa funso limeneli mwana amayankha zokondweretsa wamkulu. Ayambe ndi kufunsa kuti: "Kwanu chawonongeka n'chiyani chaka chino?" Mayankho onse alembedwe pa bolodi: njinga yamoto, sola, foni, ngolo, denga lodontha. Kenako ophunzira agawike m'magulu, gulu lililonse litenge chinthu chimodzi n'kufufuza kuti anakonza ndani, anachokera kuti, analipidwa ndalama zingati, ndipo banjalo linadikira masiku angati. Akaphatikiza ndalamazo pa bolodi, ana amaona okha kuti ntchito ilipo kwawo komweko.

Chotsatira ndi kulumikiza ntchitozo ndi zimene akuphunzira. Kalipentala wofolera nyumba ya mamita 6 m'lifupi ndi 8 m'litali ayenera kuwerengera malata ndi matabwa asanauze mwini nyumba mtengo. Amenewo ndi masamu. Woika sola ayenera kudziwa kuti mababu 4 a mawati 5 akayaka maola 4 amadya moto wochuluka bwanji m'batire. Imeneyo ndi Física. Makaniko amawerenga buku la injini ndi kulemba orçamento, ndipo apa Chipwitikizi chimagwira ntchito. Mwana amene ankati masamu alibe phindu amayamba kuwaona mwina.

Kukambirana kwabwino sikubisa zovuta. Zipangizo ndi zodula. Achibale amakonzetsa pangongole. Kumadera a ulimi ndalama imapezeka anthu akagulitsa fodya, soya ndi kachewere, koma miyezi ya njala makasitomala amachepa. Wowotcherera zitsulo wopanda chotchinga kumaso amawononga maso ake. Ndi bwino kuti conselho de escola iitane mmisiri wa m'deralo adzafotokoze zimenezi ndi pakamwa pake, ophunzira atakonzeratu mafunso. Atsikana afunsidwe mofanana ndi anyamata. Zikapanda kutero, atsikana onse amangolozeredwa ku utelala, pamene waya wamagetsi ndi sipanala sizisankha dzanja.

Ophunzira auzidwenso komwe lusoli limaphunzitsidwa. Mumzinda wa Tete muli Instituto Industrial e Comercial Mártires de Wiriamu. Ku Moatize kuli Instituto Médio de Geologia e Minas. Bungwe la boma la IFPELAC limachititsa maphunziro aafupi a ntchito zosiyanasiyana zamanja. Ofuna kupita patali ndi zaulimi ali ndi nthambi ya yunivesite ya UniZambeze ku Ulónguè, akamaliza kalasi 12. Masiku olembetsa ndi zofunika kubweretsa afunse ku ofesi ya maphunziro ya pa boma, SDEJT, chaka chisanathe.

Kuphunzira pa garaja ya amalume n'kothandiza, ndipo amisiri ambiri aluso anayambira pamenepo. Koma makampani akuluakulu, monga a migodi ya malasha ku Moatize ndi a magetsi a Cahora Bassa ku Songo, amafuna setifiketi. Mnyamata kapena mtsikana amene ali ndi luso komanso pepala akhoza kusankha kutsegula malo ake pa msika kapena kukalembedwa ntchito.

Makolo, nkhaniyi isathere m'kalasi. Mwana akabwera ndi mafunso okhudza mtengo womwe munalipira pokonzetsa pampu, muuzeni zoona. Tsiku lokakonzetsa njinga yamoto mutengeni, akaime pafupi ndi makaniko aone injini ikutsegulidwa.